Taitanidwa Kukhala Agogo

Mawu a Mulungu: Rute 4:13-17 ndi 2 Timoteo 1:3-7

Phunziro la mwezi uno likunena za udindo umene ambiri a ife tausenza kale, ndipo ena tatsala pang'ono kuusenza, udindo wokhala agogo. Tikupempha atsogoleri a nthambi zonse kuti muyambe mwawerenga mokweza ndime ziwirizi musanakambirane.

Pa zinthu zambiri za moyo wa mkazi pamakhala chilangizo. Titatha msinkhu anatilangiza. Polowa m'banja, alangizi ndi ankhoswe anatikhazika pansi. Pa mimba yoyamba amayi akuluakulu anatiuza zoyenera kuchita. Koma pa ugogo palibe amene amatiyalira mphasa. Uthenga umangofika kuchokera kuchipatala kuti mwana wathu wachira, ndipo kuyambira ola lomwelo malo athu m'banja asintha. Chifukwa chake nkofunika kuti tilangizane tokhatokha, Mawu a Mulungu akutitsogolera.

Dzina latsopano

Tili atsikana ankatiitana ndi dzina lathu kapena la mfunda, uyu Nabanda, uyo Naphiri. Titabereka, dzina lija linabisika, tinakhala amake a uje. Tsopano tikumva dzina lachitatu: agogo, kwina akuti anganga, kwinanso ambuye. Dzina lililonse linabwera ndi ntchito yake, ndiponso ndi zake za mumtima.

Choyamba ndi chimwemwe. Timaululutira, timavina, timanyamula kamwanako nkumafufuza pamphuno ndi m'makutu kuti katengera yani. Kakakhala kamwamuna timakatcha amuna athu, kakakhala kakazi timakaseka kuti kabwera kudzatilanda banja. Chimwemwe chimenechi nchochokera kwa Mulungu. Buku la Miyambo 17:6 limafanizira adzukulu ndi chisoti chaufumu pamutu pa nkhalamba, ndipo Salimo 128 limawerengera kuona adzukulu pakati pa madalitso a munthu woopa Mulungu.

Komatu pali zina zimene sitizitchula pagulu. Ena a ife timachita mantha pozindikira kuti zaka zapita, thupi likusintha, mawondo ayamba kudandaula. Ena timalira mobisa chifukwa bambo a kunyumba anatisiya asanaone mdzukuluyu, kapena chifukwa takumbukira amayi athu amene anatigwira dzanja tsiku limene ife tinabereka. Ena timamva ngati tatayidwa, pakuti mwana amene ankatiuza zonse tsopano maso ake ali pa khanda lake ndi pa mwamuna wake. Maganizo oterewa si tchimo. Tiwatule kwa Mulungu m'pemphero ndi kwa mnzathu wokhulupirika, chifukwa akakhalitsa mumtima amasanduka mawu obaya ndi nkhope yamsunamo, ndipo ana amayamba kuopa kubwera kwathu.

Bungwe lathu linayamba ndi agogo

Mayi Mary Sumner anabadwa m'chaka cha 1828 ku England, ndipo anakwatiwa ndi wansembe, Bambo George Sumner, amene ankatumikira parishi ya Old Alresford mu dayosizi ya Winchester. M'chaka cha 1876, ali ndi zaka 47, mwana wawo wamkazi woyamba, Margaret, anabereka. Mayi Sumner anakumbukira mmene iwo anavutikira ndi kuchita mantha pamene anakhala mayi kwa nthawi yoyamba. Anaona kuti amayi achitsikana akusowa powalimbikitsa, choncho anaitana amayi a m'parishimo, olemera ndi osauka omwe, kuti akumane kunyumba ya wansembe.

Pa msonkhano woyamba anagwidwa ndi mantha kotero kuti amuna awo ndiwo anayankhula m'malo mwawo. Sabata yotsatira analimba mtima nayankhula okha. M'chaka cha 1885 anayankhula pa msonkhano waukulu wa mpingo ku Portsmouth, ndipo kuchokera pamenepo ntchitoyi inafalikira m'madayosizi ena mpaka kufika kuno kwathu. Anamwalira mu 1921, ndipo mpingo umawakumbukira pa 9 Ogasiti.

Taonani amayi, Mothers' Union inabadwa mumtima mwa mayi amene anali atangolandira mdzukulu. Sanaganize zoti ntchito yawo yatha. Atayang'ana mwana wawo ali ndi khanda m'manja, anaganiziranso ana a anthu ena. Nanga ife, kubadwa kwa mdzukulu kwatitsegula maso kuona chiyani m'mudzi mwathu ndi mu mpingo mwathu?

Naomi ndi mpongozi wake

Naomi anapita ku Mowabu pothawa njala, ali ndi mwamuna wake Elimeleki ndi ana aamuna 2. Atakhala kumeneko zaka pafupifupi 10, anabwerera ku Betelehemu atayika m'manda onse atatu. Anawawidwa mtima mpaka anapempha anthu kuti amusinthe dzina akhale Mara. Koma pa mapeto a bukuli tikumupeza atafungatira khanda lotchedwa Obede, amayi oyandikana naye akukondwera naye pamodzi.

Tiyang'anitsitse bwino. Obede sanali mwana wa mwana wobala Naomi. Mayi wake, Rute, anali mpongozi, mkazi wamasiye wa mtundu wina. Bambo wake, Boazi, anali mbale wa malemu Elimeleki. Komabe Naomi anamulandira ndi kumulera, ndipo amayi a ku Betelehemu anachitira umboni kuti Rute anali wamtengo wapatali kwa Naomi kuposa ana aamuna 7. Obede ameneyu ndiye anabala Jese, atate wake wa mfumu Davide, ndipo Mateyu mutu 1 akutchula dzina la Rute pa mndandanda wa makolo a Ambuye Yesu.

Njira ya kwa mdzukulu imadzera mwa mayi wake ndi bambo wake. Sitingathe kunyoza mtengwa wathu nkumayembekeza kuti adzatibweretsera ana kudzatiwona ndi mtima woyera. Sitingathe kupeputsa mkamwini pamaso pa anthu nkumadabwa kuti wasamutsira banja lake kutali. Kumene kuli chikamwini, agogo akuchikazi amakhala pafupi ndi mwana tsiku ndi tsiku, pamene akuchimuna amabwera ngati alendo. Kumene kuli chitengwa kapena malowolo, zimatembenuka. Pena ponse pamabuka mpikisano: ndani atchule dzina, ndani akadikirire kuchipatala, ndani agone ndi mayiyo m'chikuta, mwana wafanana ndi a mbali iti. Amayi, mdzukulu si munda woti tilimbirane malire. Tipite kwa asewere athu, tiwapatse ulemu, tigawane nawo ntchito. Mwana wokhala ndi agogo awiri ogwirizana ndi wodala kawiri.

Ndipo mtengwa akabwera ndi mwana wa bambo wina, kapena mwana wathu akakwatira mkazi wokhala ndi ana kale, tikumbukire Naomi. Nsima tiwagawire mofanana, zovala za Khirisimasi tiwagulire mofanana. Ana amaona msanga amene akukondedwa ndi amene akungopiriridwa, ndipo bala limenelo amakula nalo.

Kuthandiza osati kulanda

Baibulo silinabise za agogo ena oipa. Pa 2 Mafumu 11 tikuwerenga za Ataliya, amene mwana wake, mfumu Ahaziya, atamwalira, anapha ana a banja lachifumu kuti alamulire yekha. Mdzukulu wake Yoasi anapulumuka chifukwa azakhali ake anamubisa m'Nyumba ya Mulungu zaka 6. Palibe mwa ife amene angachite zoopsa zotere. Koma muzu wa tchimo la Ataliya, ndiko kukana kutula ulamuliro, ukhoza kumera mumtima mwa mayi aliyense.

Umaonekera pamene tilowa m'khitchini ya mtengwa nkuyamba kulamula. Umaonekera pamene mayi wakaniza mwana chinthu, ife nkumupatsa mobisa ndi kumuuza kuti amake ndi ankhanza. Umaonekera pamene tidzudzula makolo ana akumva. Anthu amati mwana woleredwa ndi agogo amakhala wosasatitsidwa, ndipo nthawi zina amanena zoona. Mulungu anapereka mwanayo kwa makolo ake. Ife ndife mzati wochirikiza nyumba, eni nyumba ndi iwowo. Tikaona cholakwika, tiitane mwana wathu kapena mpongozi wathu pambali, tiyankhule kamodzi mofatsa, kenaka tisiye m'manja mwa Mulungu. Mawu a akulu akoma akagonera.

Paulo polembera Tito, mutu 2, akupereka kwa amayi achikulire ntchito yophunzitsa amayi achitsikana, koma akuyamba ndi khalidwe la ophunzitsawo: asakhale amiseche, asakhale akapolo a mowa. Ndiye kuti mwana wathu amaphunzira zambiri poona mmene tikukhalira kusiyana ndi pomva zimene tikunena.

Nzeru zathu ndi malangizo a kuchipatala

Pa nkhani ya chakudya ndi matenda a khanda, mawu a agogo amalemera kwambiri m'banja. Mayi wachitsikana akhoza kumva bwino malangizo a anamwino, koma akafika kunyumba amachita zimene apongozi anena. Tsono mphamvu imeneyi tiigwiritse ntchito populumutsa moyo.

Achipatala amalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, osamupatsa madzi, phala kapena mankhwala a zitsamba, chifukwa m'mimba mwake simunakhwime ndipo zinthu zimenezi zimalowetsa tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba. Mkaka woyamba wachikasu uja usafinyidwe nkutayidwa, ndiwo umateteza mwana ku matenda. Pamchombo pasapakidwe phulusa, dothi kapena china chilichonse chimene achipatala sanapereke. Liwombo likalowa mwana akutsegula m'mimba, ndi chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi, ndipo chofunika ndi kuyamwitsa, kumupatsa madzi a ORS ndi kuthamangira kuchipatala msanga. Mayi ndi mwana agone m'neti, ndipo masiku a sikelo ndi katemera asadumphidwe.

Tikudziwa kuti ena tidzati, kodi ife sitinalere ana athu ndi phala? Inde tinalera, koma tiwerengenso ana amene amayi a m'badwo wathu ndi wa amayi athu anayika m'manda asanakwanitse zaka 5. Kusintha njira pamene kuwala kwafika si kunyoza makolo.

Kuyambira 2011 dziko lathu linayamba kupereka ma ARV kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV, pofuna kuteteza mwana ndi mayi yemwe. Ngati mwana wathu kapena mtengwa wathu watiululira kuti akumwa mankhwalawa, chinsinsicho tichisunge, timukumbutse kumwa, timuperekeze kuchipatala. Agogo olongolola akhoza kuchititsa mayi kubisa mankhwala ndi kusiya kumwa, ndipo wovutika amakhala mdzukulu yemwe timati timamukonda.

Zilipo zambiri zimene ife tokha tingathe: kusambitsa khanda, kuphunzitsa kubereka mwana kumbuyo, kuphikira mayi chakudya chabwino, kumutungira madzi kuti apume, ndi kuzindikira pamene mayi wangokhala ndwii, akulira kawirikawiri, osafuna kudya kapena kuyang'ana mwana. Mayi wotere sakuchita ulesi ayi. Akufunika thandizo, ndipo timutengere kuchipatala.

Ugogo ukabwera nthawi isanakwane

Ena a ife uthenga wa ugogo unatifikira ndi misozi. Mwana ali pasukulu, mwina Sitandade 8 kapena Fomu 2, wapezeka ndi pakati. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Mayi amachita manyazi kuvala yunifomu, amaopa maso a anzake m'tchalitchi, ndipo mkwiyo umamuuza kuti amuthamangitse mwanayo kapena akamutule kwa mnyamatayo.

Amayi, tiyeni tiyime kaye. Tchimo tilitchule kuti ndi tchimo, koma khanda likubweralo silinachimwe, ndipo mtsikanayo akadali mwana wathu. Nthawi zina iye ndiye wolakwiridwa ndi munthu wamkulu, ndipo nkhani yotere ndi yokanena kupolisi, si yothera m'nyumba. Lamulo la maukwati la 2015, limene linalimbikitsidwa ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, likuletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Kukankhira mwana ku banja pofuna kubisa manyazi ndi kuphwanya lamulo ndiponso kumutsekera tsogolo. Boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka. Kawirikawiri chimene chimatsegula kapena kutseka khomo limenelo ndi agogo: ngati avomera kusunga khanda m'mawa, mtsikanayo amaphunzira. Ndipo ife anzake a mayi wotere, tisamunong'one. Timuyendere, tikhale naye pa benchi limodzi.

Agogo amene asandukanso amayi

M'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Edzi inatenga ana athu ambiri, ndipo agogo ndiwo anatsala ndi ana amasiye. Ma ARV aulere atayamba kuperekedwa mu 2004, maliro anachepa, tithokoze Mulungu. Koma agogo olera adzukulu akadalipo ambiri. Makolo ena ali ku Joni kapena m'tauni kukasaka ntchito, mabanja ena anatha, ena anamwalira ndi matenda kapena ngozi. Mayi amene amayembekeza kupuma akupezeka akulima, akusaka ndalama ya yunifomu ndi makope, akudzuka usiku ndi mwana wodwala malungo.

Kwa inu amene mwasenza mtolo umenewu tikuti: Mulungu akuona, ndipo kupempha thandizo si manyazi. Uzani ana anu momveka zimene mungathe ndi zimene simungathe. Amene ali kutali atumize thandizo mokhulupirika ndipo aziyankhula ndi ana awo pafoni, chifukwa ndalama siilowa m'malo mwa mawu a mayi. Boma lili ndi ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, yothandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Atsogoleri a nthambi afunse kwa amfumu ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu mmene mabanja amasankhidwira.

Kwa ife tonse, chimodzi mwa zolinga za bungwe lathu ndi kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto. Mutu umodzi susenza denga. Nthambi iliyonse idziwe mayina a agogo otere m'dera lake, a mpingo wathu ndi a mipingo ina. Tikawalimire tsiku limodzi, tikazire nyumba, titenge ana awo popita ku Sande sukulu.

Pali chinthu chinanso chowawa. Mwana akadwala kapena akamwalira mwadzidzidzi, chala chimaloza agogo kuti ndi mfiti, nthawi zina chala cha adzukulu omwe anawalera. M'chaka cha 2016 ku Neno, okalamba 4 anaphedwa atanamiziridwa ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mkhristu asatenge nawo mbali pa zotere ngakhale ndi mawu a pachitsime. Tikamva mphekesera zayamba, tiuze abambo wansembe, amfumu ndi apolisi zinthu zisanafike poipa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tsoka mudzi umene uyatsa moto pa dambo lake lomwe.

Cholowa cha Loisi

M'Chipangano Chatsopano chonse, mawu akuti agogo aakazi akupezeka malo amodzi okha, pa 2 Timoteo 1:5. Paulo akukumbukira chikhulupiriro cha Timoteo, nanena kuti chinayamba mwa agogo ake Loisi, kenaka mwa amayi ake Yunike. Machitidwe 16 akutiuza kuti bambo a Timoteo anali Mhelene, choncho m'nyumbamo munali miyambo iwiri. Komabe pa mutu 3 wa kalata yomweyi tikumva kuti Timoteo anadziwa Malembo kuyambira ali wakhanda. Za Loisi sitidziwa china, kaya anali ndi munda, kaya anali ndi chuma. Tikudziwa chimene anasiyira mdzukulu wake.

Ambiri a ife tilibe nyumba ya malata kapena ng'ombe zosiyira adzukulu. Koma tili ndi nthawi imene makolo awo alibe. M'mera mpoyamba. Tiwaphunzitse Pemphero la Ambuye ali pamiyendo pathu. Tiwafotokozere nkhani za Yosefe, Davide ndi Yesu madzulo monga timachitira nthano. Tiwauze mayina a makolo awo ndi kumene anachokera. Atione tikugwada, atimve tikuwatchula mayina popemphera. Tikumbutse makolo za ubatizo mwachikondi, ndipo ngati iwo asankha mpingo wina, tisayambitse nkhondo m'banja, koma tipitirize kupemphera.

Ena adzukulu athu ali ku Johannesburg, ku Harare kapena ku London, timangowaona pa WhatsApp, ndipo ena samva bwino Chichewa. Zimapweteka. Komabe dalitso la agogo limadutsa pafoni. Tiwaimbire, tiwapatse moni m'chinenero chathu, tiwapempherere akumva.

Tisaiwale alongo athu amene sanabereke, amene ana awo anamwalira, ndi amene akudikirabe mdzukulu. Posangalala ndi zithunzi za adzukulu athu tisawabaye mtima, ndipo tisavutitse mtengwa amene sanaonebe mwana ngati kuti iye ndiye mwini mphatso. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'tchalitchi mwathu muli ana ambiri opanda agogo, ndipo mayi aliyense wachikulire akhoza kukhala Loisi kwa mmodzi wa iwo.

Mafunso okambirana m'magulu

Kodi ndi maganizo ati amene anatifikira titamva kuti takhala agogo, amene sitinauzepo munthu? Kodi ndi zinthu ziti zimene zimayambanitsa agogo ndi mtengwa kapena mkamwini mwana akabadwa, ndipo tingazithetse bwanji? Kodi m'dera lathu muli agogo angati amene akulera okha adzukulu, ndipo nthambi yathu iwachitira chiyani mwezi uno usanathe?

Pemphero

Mulungu Atate wathu, amene munatonthoza Naomi ndi kudalitsa ntchito ya Loisi, tikuyamikani chifukwa cha ana athu ndi adzukulu athu. Tipatseni mtima wofatsa, lilime lodziletsa ndi manja othandiza. Limbitsani agogo onse amene akulera ana mu umphawi ndi mu ukalamba, tetezani amene akunamiziridwa, tonthozani amene akulira ndi amene akudikira. Lolani kuti chikhulupiriro chimene tinalandira chifike kwa ana a ana athu, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.